Keziya Mulipa ndi Madzi a ku Lisasadzi

Mwezi wa Febuluwale ku Lisasadzi munthu sapeza nthawi yodwala. Fodya wa bale akapsa m'munda sadikira mwini, ndipo pa esiteti ya a Davison Mphepo matenanti onse ankaswera m'zigafa, kusoka masamba ndi kuwapachika pa mikangala, manja ali bii ndi utomoni. Koma chaka chimenecho matenda anabwera osaodira. Anthu ankadandaula mutu, chizungulire ndi kusanza, ena malovu ali chuchuchu ngati mwana womera mano. Kuchipatala anati ndi kuledzera ndi fodya wamuwisi, koma nkhalamba zosakhudza tsamba nazonso zinkadwala. Kenako Feliya, mkazi wa Raymond Mulipa, anagwa m'chigafa singano ili m'manja, ndipo patatha masiku atatu anapita padera.

Raymond anali wapampando wa komiti ya matenanti. Atachoka kuchipatala anaimbira foni mlongo wake Keziya.

"Achemwali, sukulu yanu ija ibwere idzagwire ntchito kwawo," anatero. "Mankhwala amene bwana amapopera m'munda alowa m'chitsime. Tikutha kuno."

Keziya anabadwira pa esiteti yomweyo, makolo awo atachoka ku Phalombe kudzalima fodya wa eni. Mutu wake ndiwo unamutulutsa m'chigafa n'kumufikitsa ku yunivesite, kenako kunja kwa dziko, kumene anakhala zaka khumi ndi chimodzi m'labotale. Ntchito yake inali pa puloteni ina imene tizilombo ta bakiteriya timapanga, yooneka ngati kabango kobooka, kakang'ono moti tsitsi la munthu pambali pake ndi thunthu la mlambe. Akaika kabangoko pakati pa madzi amchere n'kudutsitsamo mphamvu ya magetsi, mzere woongoka unkaoneka pa kompyuta. Kachidutswa kamodzi ka mankhwala kakaloŵa pa kabowoko kankatchinga njira, mzere uja n'kugwa pang'ono. Mankhwala alionse ankagwetsa mzere m'njira yakeyake, monga mwini khola amadziwira ng'ombe zake ndi mgugu wa ziboda zikamadutsa pachipata.

Anzake onse ankagwiritsa ntchito timabowo totere powerenga za chibadwa cha anthu, ndipo akuluakulu ake anamuuza kuti atsate komweko chifukwa ndiko kunali mbiri. Keziya anatemetsa nkhwangwa pamwala. Iye ankafuna kabowo kogwira mankhwala ophera tizilombo m'minda, amene anakula akuwanunkhiza m'malaya a bambo ake. Zaka zinayi zinapita akusintha khosi la puloteniyo kachigawo kamodzikamodzi, osaphula kanthu, ena akumuseka kuti akutunga madzi ndi dengu. Chaka chachisanu mzere unagwa pamene iye ankafuna. Pamene Raymond ankaimba foni, makina ake oyezera madzi anali atachepa kukhala kabokosi kokwana m'chikwama, ndipo Keziya anali atabwerera kudziko lakwawo kudzaphunzitsa.

Anafika ndi basi ya m'maŵa, nayala kabokosi ndi laputopu pa tebulo m'chigafa cha mchimwene wake. Anatunga madzi m'chitsime cha kudambo n'kudonthetsera m'makina. Mzere unangoti tasa, osagwedezeka. Anatunganso madzulo, anatunga mvula itangokata, anatsitsa botolo mpaka pansi pamatope. Masiku anayi mzere unakana kugwa.

Tsiku lachisanu anapita kukazonda mlamu wake. Feliya, atagona pa mphasa, anamulozera kapu kuti amwe madzi. Keziya anali atafikitsa kale kapuyo pamlomo pamene chizolowezi cha ntchito chinamugwira mkono. Anathira madziwo m'kabotolo n'kupita nawo kuchigafa. Mzere unayamba kudumphadumpha ngati chiwala chogwidwa mwendo.

Anabwerera m'nyumba muja n'kuyang'ana pakona. Panali chigubu chachikasu cha malita makumi awiri, chizindikiro chake chitapalidwa ndi mpeni. Anayenda nyumba ndi nyumba, ndipo paliponse anapeza zigubu zomwezo. Zinali zochokera mosungira mankhwala a esiteti. Chaka chathacho Raymond yemweyo ndiye analimbana ndi kapitawo mwezi wathunthu kuti zigubu zotha ntchito azipatsa matenanti, popeza ndowa zinali zitatha kudooka. Anthu anamuimbira m'manja tsiku limenelo. Amayi anazitsuka ndi mchenga, phulusa ndi sopo, osadziwa kuti pulasitiki imamwa mankhwala n'kumawalavulira m'madzi pang'onopang'ono, makamaka chigubu chikakhala padzuwa.

Keziya anaitanira mchimwene wake kuseri kwa chigafa n'kumuuza zonse. Raymond anakhala pansi pa chitsa, nagwira mutu.

"Ndiye mukuti mwana wanga ndamupha ndekha?"

"Sindinatero, achimwene. Makina anga sadziwa chimene chinachotsa mimba. Amangonena zimene zili m'madzi."

"Ndiye anene kuti zili m'chitsime." Mawu ake anatsika. "Lachisanu kukubwera akuluakulu a kuboma. Mukalemba kuti ndi chitsime, bwana amukakamiza kukumba mjigo, tonse tipindula. Zigubuzi ndizichotsa ndekha mwakachetechete. Mukanena kuti ndi zigubu, anthu andidya wamoyo. Magazi amodzi ife, achemwali."

"Nanga a pa esiteti ya kutsidya, amene nawonso ali ndi zigubu zomwezi? Iwo adzamva kuti vuto ndi chitsime cha kuno, n'kumapitiriza kumwa." Keziya anapukusa mutu. "Ndikanama kamodzi, mawa ndikadzanena zoona palibe adzandimvere. Sindilemba zimenezo."

Raymond anadzuka n'kuchoka osatembenuka.

Nkhani ilibe miyendo koma imafika. Madzulo omwewo a Mphepo anaitanira Keziya pakhonde la nyumba yawo yamalata ofiira, namupatsa mpando wa khushoni, iye amene ali mwana ankathera pa masitepe.

"Adokotala, ndamva kuti chitsime changa chilibe mlandu," anatero akumwetulira. "Mundilembere kalata yonena zimenezo. Kuseriku kuli chipinda chamagetsi chongokhala. Chikhoza kukhala labotale yanu."

"Kalatayo ndilemba, bwana, koma ikhala ndi mizere iwiri. Woyamba unena kuti chitsime ndi chabwino. Wachiwiri unena kuti zigubu za poizoni zinatuluka m'sitolo mwanu zosabooledwa kuti munthu asasungiremo madzi, kapitawo wanu akuona, pamene chizindikiro cha chigaza chinali pomwepo."

Kumwetulira kuja kunazima. "Mchimwene wanu ndiye anazipempha. Ndipo musaiwale kuti akulima pa nthaka ya ndani."

"Iye anapempha posadziwa. Inu munapereka mukudziwa kuwerenga." Keziya anaimirira. "Ndinabadwira m'chigafa chanu, bwana. Ndikudziwa kuti lole imene imabweretsa matenanti ndi yomwenso imawabweza. Koma mzere wachiwiri sindiuchotsa."

Lachisanu anthu anadzaza m'chigafa chachikulu, akuluakulu aŵiri a kuboma atakhala kutsogolo. Keziya atangonena kuti chitsime chilibe kanthu, phokoso linabuka. Wina kumbuyo anakuwa kuti wagulidwa, kuti anamuona pakhonde la bwana. Mayi wina anati sukulu yamuiwalitsa kumene unakwiriridwa mchombo wake. Mtima unamupweteka, pakuti ena mwa okuwawo ndi amene ankamubereka kumbuyo ali wakhanda. Koma sanakweze mawu. Anapempha mayi wokalipayo kuti apite yekha kukatunga madzi kuchitsime ndi ndowa yachitsulo. Atabwera nawo, Keziya anadonthetsera m'makina, natembenuza laputopu kuti onse aone mzere uli chigonere. Kenako anatunga kapu yodzaza n'kumwa yonse pamaso pawo.

"Tsopano wina abweretse chigubu cha kunyumba kwake," anatero.

Palibe anasuntha. Raymond anali atayang'ana pansi. Ndiye anthu anamva kukwekwereza kwa pulasitiki pa dothi. Anali Feliya, wofooka, chitenje atamanga m'chiuno, akukoka chigubu chake chachikasu. Keziya anayeza madzi ake, ndipo mzere unang'ambikang'ambika mpaka a kumbuyo anauona. Anatunga kapu ina n'kuikweza m'mwamba.

"Amene akuti ndagulidwa abwere amwe awa."

Palibe anabwera kudzamwa. Feliya anatenga chikwanje chimene chinali pa mzati, natema chigubucho pamimba, madzi n'kukhuthukira pansi. Anatemanso kachiwiri, kachitatu, mpaka amayi anzake anamugwira. Keziya anatembenukira kwa akuluakulu a kuboma n'kuwerenga kalata yake, mizere yonse iwiri, a Mphepo ali pomwepo.

Pofika madzulo zigubu zonse zinali zitabooledwa n'kuunjikidwa kutali ndi nyumba. A Mphepo analamulidwa kupereka ndowa zatsopano ndi kuboola chigubu chilichonse chikangotha ntchito. Sabata zitatu zisanathe, kusanza ndi malovu kuja zinaleka. Akuluakulu aja anatenga nkhaniyo kupita nayo ku maesiteti a ku Mtunthama mpaka ku Chisemphere, ndipo zimene Keziya analemba za ulendowo zinawerengedwa ndi akatswiri anzake m'mayiko akutali, ena n'kuyamba kuyeza madzi a alimi akwawo ndi puloteni yake.

Koma mtengo wake unali wowawa. Fodya atagulitsidwa, a Mphepo anauza Raymond kuti chaka chamawa malo palibe. Komiti inali itamuchotsa kale pampando. Anakweza katundu wake pa ngolo kupita ku esiteti ina chakumpoto, ndipo sanatsanzike mlongo wake. Keziya akaimba foni, inkangoitana mpaka kuduka. Feliya yekha ndiye ankayankha nthawi zina, mobisa, kunena kuti ali bwino.

Tsiku lina Keziya anabwera kudzayezanso madzi a pa esitetipo, ndipo mayi amene anamukalipira pamsonkhano uja anamupeza kuchitsime. Anakhala naye pa udzu.

"Mwanawe, bwana akudana nawe, mchimwene wakonso akudana nawe. Ukanangokhota pang'ono, bwenzi mmodzi mwa iwo ali mbali yako. Sudandaula?"

Keziya anatseka kabotolo kake n'kukalemba tsiku.

"Ndimadandaula, amayi. Achimwene ndimawasowa tsiku lililonse. Koma ntchito iyi sanandikakamize munthu. Ndinaisankha ndekha, ndikudziwa kuti tsiku lina makinawa adzaloza pakhomo pathu. Atati andifunsenso lero, ndinena zomwezo."

Mayi uja anadzuka n'kusenza ndowa yake yatsopano. Keziya anatsala akutunga botolo lachiwiri. Anali atataya mchimwene ndi chipinda chamagetsi chomwe, koma anthu a pa esiteti ankamwa madzi osaopa. Akuluakulu akale anaona patali pamene ananena kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.