Magazi a Bambo Ake a Mwaiwathu

Kalekale, koma osati kale kwambiri poti zipatala zinali zitayamba kuyeza magazi, padali mayi wina dzina lake Esinala, amene adatengedwa chitengwa ndi mwamuna wake Lufeyo. Zaka zidapita, kumsana kuli mbee, wopanda mwana. Mudzi wonse udaloza chala mkazi, ngati kuti mwana amabadwa kwa munthu mmodzi.

Lufeyo adazemba yekha kupita kuchipatala, nayezetsa magazi ndi umuna. Adokotala adamuuza mosapita m'mbali kuti wosabereka ndi iyeyo. Atabwerako adanong'oneza amayi ake okha. Kwa mkazi wake, pakamwa tseke! Esinala ankamwa mizu yowawa ya asing'anga mpaka kusanza, ndipo chikho ankamugwirira ndi Lufeyo yemweyo. Ine nkhani imeneyi imandichititsa nseru.

Amayi akewo, a Nankhoma, adati manyazi asatuluke m'nyumba. Adakonza fisi, mwamuna wolowa mobisa kuti mkazi wa mnzake aime, ndipo adasankha mwana wawo wamkulu Gositino, mkulu wa mpingo. A Nankhoma adamuopseza Esinala kuti, “Tsiku limene udzayasame pakamwa, mwanayo adzafa.”

Mwana adabadwa, namutcha Mwaiwathu. Koma akangoyamwa ankasanza, maso adachita chikasu, thupi lonse lefu. Pachipatala chapafupi adamuthira magazi, kenaka adamutumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko adokotala adati, “Tikukayikira matenda akumtundu, oti thupi la mwana lilibe mphamvu yogaya mkaka, ndiye bere limamusandukira poizoni. Koma magazi ake asakanikirana ndi amene adamuthira kuchipatala chapafupi aja. Tiyeza a mayi ake ndi a bambo ake. Tikawapeza mwa onse awiri, timuchotsa kubere, ndipo achira.”

Lufeyo adapinda malaya, natambasula mkono monyadira pamaso pa anamwino, akudziwa bwino lomwe kuti magazi akewo ndi bodza. Matendawo adawapeza mwa Esinala, mwa Lufeyo ayi. Adokotala adati, “Ndiye si amenewa. Pitirizani kuyamwitsa, tifufuze kwina.”

Esinala adathamangira kwa Gositino nagwada. “Alamu, kadontho chabe ka magazi, mwana akutha!” Gositino adayamba wayang'ana uku ndi uku. “Mlamu, ukufuna anthu a kumpingo andione bwanji? Pita, ndimupempherera.” Ha, pemphero la munthu woumira dontho la magazi!

Esinala adati basi, akaulula yekha kwa adokotala. Koma a Nankhoma adamukakamira ngati nkhupakupa, kubafa ali naye, pabedi la mwana ali naye. Adokotala akamadutsa, a Nankhoma ankamutsina Esinala pantchafu, akumwetulira. “Fisi alibe mwana, mwana ndi wa mwini nyumba. Waiwala zija ndidakuuza?” Esinala adaopa kupha mwana ndi pakamwa pake, namuika kubere.

Mwaiwathu adamwalira ali pabere pomwepo.

Pamaliro, Lufeyo adadzigwetsa pansi mpaka anthu kumugwira. Gositino ndiye adalalikira, nati zonse ndi chifuniro cha Mulungu. A Nankhoma adalira kuposa onse, kwinaku akuuza amayi anzawo kuti mkaka wa mpongozi wawo ndi woipa.

Pochoka kumanda, Esinala adaima patsogolo pa atatuwo. Kukhosi kudali kutauma ndi kulira, malovu adamutsalira olavula kamodzi kokha. Tsono inu mwamva nonse, ndiuzeni: malovu amenewo agwere pankhope ya yani?