Mlamba ndi Mbali Yachete

M'madzi amatope a nyanja ya Chilwa munkakhala Makumba, Mlamba ndi khamu la Matemba. Matemba anali amantha koma apakamwa, ndipo sankatopa kumuseka Mlamba chifukwa cha timaso take. "Achimwene, mumaona chiyani ndi timikanda timeneto?" Koma Mlamba zake zinali kumvetsera, ndipo ngakhale nkhono ikasuntha m'thope ankaimva.

Masiku amenewo Makumba anali atavumata ana ake m'kamwa, monga amachitira amtundu wake. Sankadya, sankalankhula. Akanangoyasamula ndi mantha, tiana tonse tikanamwazika.

Tsiku lina m'mawa madzi anagwedezeka. Phu! Phu! Phu! Asodzi anali m'mabwato, akumenya madzi ndi nkhafi, injini ikulira kumbuyo kwawo. Phokosolo linamulowa Makumba mpaka m'mafupa, mutu unazungulira, osadziwanso kumene kunali bango lobisalamo.

"Thawirani kwachete! Kwachete!" anakuwa Matemba, liwiro lili m'kati.

Makumba anatembenuka kuti awatsate, koma Mlamba anamutchingira njira. "Dikirani, mayi, ndimve kaye." Anagona pansi phee, ndevu zokha zikugwedera. Makumba anadikira, ana akupiringizika m'kamwa.

"Kwacheteko kukulira kanthu," anatero Mlamba. "Ndi ulusi wa ukonde, madzi akamaukhudza. Anthuwa akutikusira kumeneko. Njira yathu ili pansi pa phokoso lomweli."

Ndani angalowere dala kumene kukuchokera bingu? Koma Makumba anamanga nsagwada n'kutsamira m'mbali mwa Mlamba. Anakwawa m'thope, nkhafi zikuomba pamwamba pa mitu yawo, ndipo Mlamba sanasiye kutchera khutu ngakhale zinkamupweteka. Mithunzi ya mabwato inawadutsa, iwo n'kulowa m'bango.

Kumeneko Makumba anatsegula pakamwa, ana n'kutuluka onse, wosowa panalibe. Mwachimwemwe, Makumba anayang'ana Mlamba. "Achimwene, makutu anuwo ndi chuma. Ndikuthokozeni bwanji?"

"Mwati chiyani, mayi?" anafunsa Mlamba, akumutembenuzira mbali ina ya mutu. Phokoso lija linali litamugonthetsa khutu limodzi, koma iye anangomwetulira poona tiana tikumuzungulira ndevu.

Pofika masana Matemba onse anali atayanikidwa pathandala.

Phunziro: Phokoso likamakuthamangitsa, yamba wamvetsera kumene likukuthamangitsira. Mmodzi wodekha amapulumutsa mtundu, ngakhale zimutayitse chake.