Miliyoni ya Bwana Telala

Shopu ya Bwana Telala inali ya chipinda chimodzi, makina anayi ndi tizidutswa ta nsalu mbwee pansi. Nsalu, ulusi, mazipi ndi mabatani ankagulira pa khadi la ngongole la bizinesi, ndipo banki inkawapatsa mapointi pa chilichonse chimene agula. Mwini khadi akafuna ankangodina pa foni, mapointiwo n'kusanduka ndalama mu akaunti yake. Koma Bwana Telala sankadina. Ankangowasuzumira m'mawa uliwonse ngati mlimi woyendera nkhokwe, mpaka osoka awo anayamba kuwatchula kuti a Mapointi akatembenuka.

Chimene chinkadwala m'shopumo chinali ovaloko, makina omangira m'mphepete mwa nsalu kuti isamasuke. Inali itakalamba, inkadula ulusi ndi kutafuna nsalu za eni. Mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, ndiye ankasunga mabuku a shopuyo, ndipo tsiku lina anawerengera n'kupeza kuti mapointi aja akwana kugula ovaloko yatsopano.

"Alamu, dinani lero," anatero. "Sukulu yatipatsa ntchito ija ikufuna mayunifomu mazana atatu mwezi wamawa. Makina awa satifikitsa."

"Afike miliyoni kaye," anayankha Bwana Telala. "Angotsala pang'ono. Ndikufuna nambala imeneyo ndiione ndi maso angawa."

"Nanga nambala imasoka?"

"Inu mumadziwa kuwerengera, ine ndimadziwa kusunga. Aliyense agwire yake."

Mlamu uja anatseka buku n'kusiya nkhaniyo. Ankawadziwa amuna a achemwali ake kuti akanena anena.

Patapita masiku, wogulitsa zitsulo wa khomo loyandikana nawo anawauza kuti banki yomweyo yatulutsa khadi latsopano lopatsa mapointi awiri pamene lakale limapatsa imodzi. Bwana Telala anaona miliyoni ikuwakodola. Sanauze mlamu wawo, poopa kumvanso za ovaloko. Anavala jekete n'kupita kubanki kukatseketsa khadi lakale ndi kutsegulitsa latsopano, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti mapointi adzawatsatira okha.

Mtsikana wa pakauntala anayang'ana pa kompyuta n'kufunsa, "Bambo, mapointi a khadi lakaleli mwawasintha kale kukhala ndalama?"

"Asiyeni momwemo."

"Chifukwatu mukatseka khadili..."

"Mwana iwe, khadi limeneli ndinayamba kuligwiritsa ntchito iwe uli pasukulu. Ndionetse posaina."

Mtsikanayo anawaonetsa. Anawalozeranso ndime ina pa pepalalo kuti awerenge, koma iwo anali atasaina kale ndipo akubweza cholembera m'thumba.

Khadi latsopano linafika Lachisanu, lonyezimira bwino. Bwana Telala anatsegula foni pamaso pa osoka onse, ndipo pamalo pa mapointi panali ziro. Anazimitsa foni, kuyatsanso, ziro yemweyo. Anathamangira kubanki thukuta lili kamukamu. Kumeneko mkulu wa nthambi anawakhazika pansi mwaulemu n'kuwawerengera ndime ija: khadi likatsekedwa, mapointi osasinthidwa amathera pomwepo. Pansi pa ndimeyo panali siginecha yawo, yaikulu ndi yokhotakhota monga ankainyadira.

"Zaka zinayi ndikusunga!" anatero.

"Pepani, bambo. Mukanangodina musanasaine."

Nsalu ya mayunifomu inabwera, ntchito inayamba. Pa sabata yachiwiri ovaloko inalira kamodzi, inanunkha zopserera, n'kuima. Wokonza makina anaitsegula, anapukusa mutu, n'kulipiritsa yoyendera yokha. Ndalama zonse zinali zitalowa m'nsalu, zogulira ovaloko ina panalibe. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ija anadikira masiku asanu, kenako anatumiza galimoto kudzatenga nsalu zodulidwa kale n'kukazipereka kwa telala wina kumapeto kwa msewu womwewo.

Tsiku limenelo Bwana Telala anakhala pa mpando wa makina akufawo, manja ali m'khosi. Zinawawawa kwambiri, makamaka poti panalibe womuloza chala. Mlamu wawo sananene kuti ndinakuuzani. Anangofunsa kuti mwa osoka atatu aja, ndani auzidwe kuti Lolemba asabwere.

Ndalama zija zinali zawo ndithu, zaka zinayi zonse, koma sanagwireko ngakhale imodzi. Akuluakulu sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.