Nkhwali Yofunsira Chitsa

Kalekale, mphwanga, nkhwali zinkafunsira mbeta povina. Tchire likapsa, mvula yoyamba ikagwa, amuna onse ankakwera pachulu. Akazi ankaima m'munsi n'kumasankha.

Panali nkhwali ina, dzina lake Kamtedza. Zaka zitatu akuvina, zaka zitatu akugona yekha. Chaka chimenecho mtima wake unali pa Nangondo, ndipo Nangondo naye ankamufuna.

Koma Kamtedza anali ndi vuto. Gule akakoma, ankatsinzina.

Anakwera pachulu. Chifuwa anatukumula. Mapiko pansi, mchira m'mwamba. Anatsinzina. Anazungulira, anazungulira, mpaka anatsetserekera kuseri kwa chulu osadziwa. Fumbi koboo!

Atasuzumira ndi diso limodzi, anaona chinthu chakuda chitaima m'fumbimo. Chinali chitsa chopserera.

"Nangondo, ine ndakukondani."

Chitsa zii.

"Ee, manyazi! Mwana woleredwa bwino sayankha tsiku loyamba."

Mawa lake anabwera akuvina, anachoka akuvina, osatsegula maso. Chitsa zii. Mkuja chimodzimodzi.

"Wavomera ameneyu. Akanakana, akanachoka."

Kutsogolo kwa chulu, Nangondo weniweni anadikira masiku atatu, khosi mpaka kuuma. Kenako kunabwera nkhwali ina, Phwitiko, wosadziwa kuponya ngakhale phazi limodzi. Anapalasa pansi, anatola chiswe, anaika pamapazi pa Nangondo.

"Idyani, mayi."

Nangondo anadya. Anayang'ananso kuchulu kamodzi. Anapita naye.

Kamtedza anathamangira kwa malume ake, a Bwemba, kuti akakhale ankhoswe. A Bwemba anafika, anagwada, anaomba mapiko.

"Zikomo kuno!"

Chitsa zii. Anasendera, anajompha pang'ono. Mlomo wonse makala okhaokha.

"Mphwanga, mkazi wakoyu kwawo n'kuti?"

"Sananene, malume. Ngofatsa."

"Ngofatsadi. Ali ndi mizu. Tatsegula maso!"

Kamtedza anatsegula onse awiri. Chitsa! Pomwepo Nangondo akudutsa ndi Phwitiko wake.

"Ndinakudikirani masiku atatu," anatero Nangondo, osaima n'komwe.

Ine ndimaseka, koma amandimvetsa chisoni. Analira Kamtedza, analira, maso mpaka psuu. Ndiye kufiira kuja umaona m'maso mwa nkhwali mpaka lero.

Nawe ndakuona, mphwanga. Malaya wasita, tsitsi wapesa kawiri. Pita. Koma ukafika umuyang'ane mwana wa eni, umve zimene akunena. Wovina motsinzina amakwatira chitsa.

Nthano yanga yathera pomwepo, pachitsa paja.