Nankhoma ndi Mtengo wa pa Phompho

Kudali mayi wina, dzina lake Nankhoma, amene adathawira kuphiri pamodzi ndi anthu akwawo m'zaka za nkhondo. Phirilo ine ndidalikwerapo ndi mwendo wothyoka. Ndi lalitali moti mwezi ukamadutsa umachita kuwerama.

Ankhondo awo ankatsogoleredwa ndi abale awiri. Wamkulu adali ndi liwu logwetsa masuku osapsa. Akabwera kunkhondo ankakwera pachulu nkufuula kuti, "Tawatha!" Tsiku lililonse ankawatha, koma utsi wa nkhokwe za anthu akewo, zotenthedwa ndi adani kuchigwa, sunkaleka.

Wamng'ono ankalankhula motsitsa. Tsiku lina adafika pakhomo pa Nankhoma, nagoneka mkondo, nakhala pafumbi monga achitira wonena maliro, ntchito imene akuluakulu amatumira ena.

"Mayi, bambo a mwanayu sabweranso," adatero. "Ndidawatuma ndine kukalonda powolokera. Ndidaganiza molakwa."

Nankhoma adamulavulira pamapazi. Iye sadasunthe mpaka malovuwo adauma.

Kenaka chakudya chidatha. Anthu adadya ndi zikopa za ng'oma zomwe, mwakuti akayenda, ng'omazo zinkalira m'mimba.

Mmawa wina kudagwa nkhungu yoti unkatha kuicheka ndi mpeni nkuiyanika palichero. Phiri lidasanduka loto. Anthu adatsala mawu okha, opanda matupi.

"Adani athawa," lidamveka liwu la wamkulu. "Tsikani ndi njira yaikulu."

"Sadathawe, ali panjira yaikuluyo," adatero wamng'ono. "Kuseri kwa thanthweli kuli mtengo wogwa wodutsa paphompho. Ngwoterera, ena mwina tigwa. Nkhunguyi itibisa mpaka dzuwa lifike pamutu. Za kutsogoloko sindidziwa, koma ndiwoloka womaliza."

Nankhoma adaima ndi mwana kumbuyo, mwana yekhayo amene adamutsalira. Mtima unkafuna mawu a wamkulu, poti adali ozuna. Koma adakumbukira mapazi aja ali duu pafumbi. Munthu amene sadamubisire maliro a mwamuna wake, lero angamubisire chiyani?

Adamangitsa mbereko, nayenda mpaka m'mphepete mwa phompho, naponya phazi m'kuyera kopanda kanthu. Mtengo udali pomwepo.

Wina adagwira nsonga ya nsalu yake, winanso ya uyo, mpaka mzere udatalika moti woyamba adafika kutsidya nkumera imvi, mtsogoleri wamng'ono uja asadakwere pamtengo. Mwana wa kumbuyo uja ndiye agogo anga, adandiuza okha.

Otsika ndi njira yaikulu sadaonekenso. Mpaka lero, nkhungu ikagwa paphiripo, pamamveka liwu chapatali likuti, "Tawatha."

Tsono inu amene mufuna anthu adzakutsateni m'nkhungu, musayambire pachulu. Yambirani pafumbi, dzuwa likuswa mtengo, kunena chowawa chimene mukadatha kubisa. Tsiku la phompho likadzafika, anthu sadzaona mtengo. Adzaponda pa mawu anu.