Salamu ya Chotsinzina

Che Ajasi anafika kwa Shehe Likwata dzuwa litapendeka, njinga ili fumbi lokhalokha. Anawapeza atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa bwemba, akusoka chigamba pa mkanjo wawo wakale.

Che Ajasi anali imamu, wotsogolera swala, mapemphero a Asilamu, pa mzikiti wa kwa Chipojola. Anali wachinyamata, wophunzira kunja kwa dziko, ndipo akayamba kuwerenga mawu a Mulungu, ngakhale amayi opita kumjigo ankaima kuti amve mawu ake. Koma tsikuli nkhope yake inali yakugwa. Anapereka salamu, navula nsapato, nakhala kumapeto kwa mkeka.

"Mwayenda bwanji, mwanangu?" anafunsa Shehe.

"Ndayenda bwino, Shehe, koma kumudzi sikuli bwino. Anthu ambiri akukana kuswali pambuyo panga, akubwera ndi ochepa okha. Akuti Lachisanu likubwerali aika wina. Ndabwera kudzapempha kuti mupite mukawalankhule. Inu akakumverani."

"Mwawalakwira chiyani?"

"Palibe, Shehe. Nkhani yake ndi ya nkhalamba ina, Che Ndembo. Anadwala ali okhaokha m'nyumba. Akazi awo anamwalira kale, ana onse ali ku Joni. Palibe anadziwa. Mayi wina woyandikana nawo ndi amene anadabwa kumva nkhuku zikulira m'khola dzuwa lili pamutu, atakankha chitseko anapeza zatha kale. Tinaika tsiku lomwelo, monga mwa chipembedzo chathu."

Shehe anaika singano pansi. Ananong'ona mawu aja timanena Asilamu tikamva za imfa.

Che Ajasi anapitiriza, maso ali pa zala zake zimene ankawerengera. Anati maliro anawayendetsa bwino, nsanda inali yatsopano, manda anakumbidwa moyenera. Anati chibwerereni iye, mzikiti unafoleredwa ndi malata, ana a madrasa, sukulu ya chipembedzo, achuluka, ndipo sanachedwepo pa swala ya m'mawa ngakhale nthawi ya mvula.

"Tsono akuti ine ndikanadziwa kuti Che Ndembo sakuoneka. Ndikanadziwa bwanji, Shehe? Imamu amaima kutsogolo, anthu ali kumbuyo. Kodi ndili ndi maso kunkhongo?"

Apa m'pamene anadzutsa mutu. Anaona ndevu zoyera za Shehe zitanyowa, misozi ikudontha pa mkanjo. Sanadziwe kuti inayamba liti.

"Pepani, Shehe. Kodi ndalankhula molakwa?"

"Ndembo ndi ine tinalowa jando limodzi," anatero Shehe. "Ndinali wamantha ine, iye ndiye ankandigwira dzanja. Uthenga wa imfa yake ndaumva pano, kwa inu."

Shehe anapukuta nkhope ndi chikhatho, ndipo sanaonetse kukwiya.

"Ndiloleni ndikufunseni pang'ono, mwanangu, poti inu mwaphunzira kuposa ine. Ndembo ankaima pati pa swala?"

"Sindikudziwa bwino. Mwina mzere wachiwiri."

"Mawondo ake anali bwanji? Ankathabe kugwada, kapena ankaswali chokhala?"

"Sindinaonetsetse, Shehe."

"Chabwino. Mukafika kumapeto kwa swala mumatani?"

Che Ajasi anadabwa ndi funsolo, poti ngakhale mwana wa madrasa amalidziwa. Komabe anayankha mwaulemu. "Ndimatembenuza mutu kumanja, ndi kupereka salamu, kufunira mtendere amene ali kumeneko. Kenaka kumanzere."

"Ndiye mumaona ndani kumanjako?"

"Ine ndimatsinzina, Shehe, kuti mtima usabalalike."

"Nanga mukatha?"

"Ndimatembenuka thupi lonse, kukhala moyang'anana ndi anthu."

"Maso ali kuti?"

"Ali pa tasibi, mikanda yanga yopempherera."

Shehe anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Patali panamveka mwana akulira, mayi wake akumutonthoza. Che Ajasi anakumbukira mapatapata akale a matayala a Che Ndembo amene ankawalumpha pakhomo la mzikiti m'mawa uliwonse. Anayesa kukumbukira tsiku limene anasiya kuwaona, koma m'mutu munalibe kanthu.

"Shehe," anatero motsitsa mawu, "ine ndimayesa ndikuchita bwino. Ndimayesa kuyang'ana anthu pa nthawi imeneyo ndi kusiya Mulungu."

"Cholinga chanu chinali chabwino, ndipo Mwini wake amachidziwa. Ine sindikuweruzani. Koma ndiuzeni, mwa ochepa aja akubwerabe, lero m'mawa ndani sanaoneke?"

Tsopano misozi inali ya Che Ajasi.

"Mupita nane, Shehe? Mukapanda kupita, andichotsa."

"Ndipita," anayankha Shehe, "koma ndikupita kumanda kwa mnzanga. Kwa anthu anu sindikanena kanthu. Mawu anga angathe kukubwezerani malo akutsogolo, koma sangakupatseni maso. Bwererani, muyende khomo ndi khomo, musakadziteteze. Mukangofunsa kuti, 'Mwadzuka bwanji muno?' ndipo mukadikire yankho. Akakuchotsani, mukaime mzere wam'mbuyo. Kumeneko mukaphunzira zimene sukulu sinakupatseni: amene akutsokomola, amene waonda, amene wasiya mpata pamkeka."

"Ndipo akandisiya ndikhalebe imamu?"

"Mukatsegule maso. Mwati mulibe maso kunkhongo, ndipo mwanena zoona. N'chifukwa chake swala simatha munthu asanapotoze khosi. Amene mumamuyang'ana kutsogolo uja sadwala, sagona ndi njala, safa yekha m'nyumba. Odwala ali kumanja kwanu ndi kumanzere kwanu, mwanangu. Munthu sungamufunire mtendere usanaone ngati alipo."