Pampu ya Agogo aJoanna

Ku Utale achinyamata adatsegula shedi pafupi ndi msika, momwe amabwerekana masipanala, zowotcherera zitsulo ndi nzeru zomwe. Lamulo lake n'limodzi: chako chikawonongeka, bwera nacho ukonze ndi manja ako, aSadiki amakaniki akukulangiza.

Agogo aJoanna ankaopa chilichonse chokhala ndi waya. Tsono pampu yawo yopalasa itayamba kukoka mpweya m'malo mwa madzi, tomato kudimba n'kuyamba kuwerama, mdzukulu wawo Martina adapempha kuti apite nayo kushedi.

"Iyayi! Ukachite khungu ndi moto uja? Ukaduke zala, adzakukwatire ndani? Ndikakuonera ndine."

Lachiwiri, tsiku lophunzitsa za mapampu, agogo adapita okha, pampu ataisiya kunyumba poopa kuti anyamata angasolole zitsulo. Kulowa adakana. Adaima pawindo, khosi pendeke ngati nkhuku yoona kabawi.

Atabwerako adapeza Martina atamasula pampu, zitsulo mbwee pamphasa.

"Ndiye anati tiyambire pati, agogo?"

"Choyamba, mwana wa aPitala uja anavala buluku. Mtsikana!"

"Za pampu, agogo."

"Anatulutsa kanthu kakuda, kozungulira. Kenaka wina pakona anathethetsa moto, ine n'kutsinzina, ndikupemphera. Potsegula maso, madzi akutuluka, anthu akuomba m'manja."

"Nanga kanthuko anakatani?"

"Ndikanaona bwanji? Koma nsapato za aSadikiwo n'zong'ambika. Izo ndiye ndaonetsetsa."

Adayesa okha. Agogo adakulunga nsanza pomwe ankaganiza kuti mpobowoka, nathira mafuta ophikira. Pomanganso, mabawuti awiri adatsala pamphasa. Pampu idangofwenthera ngati mbuzi yachimfine. Sabata yonse adatunga ndi ndowa kumtsinje wa Rivirivi, msana wa agogo ukulira, koma dzuwa la Okutobala silidikira ndowa.

Lachiwiri lotsatira adakweza pampu panjinga kupita nayo kushedi, Martina akukankha. Vuto lidali kalabala kodyeka basi. ASadiki adapatsa mtsikanayo mpeni ndi chidutswa cha tayala kuti aseme kena yekha, agogo ali pakhomo kukuwa: "Chala, Martina! Chala!"

Madzi adafika kudimba tsiku lomwelo, koma adapeza theka la tomato litapserera kale. Agogo adayang'ana mizere youmayo, manja kumsana.

"Komatu ndinaona zambiri tsiku lija," adatero motsitsa mawu.

Martina adangopitiriza kupalasa. Pajatu akuluakulu adanena kale kuti kandimverere adakanena za m'maluwa.